Zimene Sindinamuuze Nyamtambo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chifuwa cha agogo. Anagonekedwa milungu itatu pa kachipatala kena kakang'ono kumbali ya Nthalire, ndipo wowadikirira ndinali ine, poti panalibenso wina. Mayi ndi bambo anamwalira ndisanayambe kuyenda. Mwamuna wanga anali atapita ku Tunduma kukaoda sopo ndi nsalu zaka ziwiri m'mbuyomo, osabwerako. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi.

Pachipatalapo panali namwino mmodzi yekha, mayi Makwinja, ochokera ku Thyolo. Chitumbuka chawo chinkathera pa "monire" ndi "yewo". Tsiku lina ankavutika kufotokozera gogo wina kamwedwe ka mapilitsi, akuloza dzuwa, akuloza pakamwa, gogoyo akungovomera zilizonse. Ine ndili pamkeka pansi pa bedi la agogo ndinangoti m'Chitumbuka, "Akuti limodzi m'mawa, limodzi madzulo."

Mayi Makwinja anatembenuka. "Iwe, kani umalankhula? Milungu iwiri yonseyi ndimayesa ndiwe mtolo wa zovala. Sukulu unalekeza pati?"

"Sitandade eyiti."

"Mawa ubwere utasamba. Usaiwale khadi la chipani, pageti pali anyamata ofunsa makadi aja."

Ndinayamba choncho. Ndinkafika dzuwa lisanatuluke bwino, kutunga madzi, kukolopa, kenaka kuyatsa pulayimasi. Zitsulo zonse zinkawiritsidwa mumphika wa chivindikiro kwa mphindi makumi awiri, kuwerengera pamene madzi ayamba kubwadamuka, osati pamene wayatsa moto. Zikapsa unkazivuula ndi chopanira chachitali, osakhudza ndi dzanja. Magolovesi sankatayidwa. Ndinkawachapa, kuwauzira mpweya kuti ndione ngati abooka, kuwayanika mkati ndi kunja, kenaka kuwathira paudala. Panali sikelo yopachika ya ana, tochi ya mabatire awiri, kambale kopindika ngati impso, botolo la jivi, mankhwala opaka pazilonda, lomwe linkandisiyira zala zofiirira sabata yonse, ndi chitsulo chotsegulira njira ya amayi chimene mayi Makwinja ankati sipekulamu, koma amayi ankati mlomo wa bakha.

Ntchito yeniyeni inali kumasulira. Masiku amenewo kulera kunali kutangololedwa kumene, ndipo ankati si kuletsa kubereka koma kupumitsa mayi. Lachiwiri lililonse amayi ankabwera wapansi kuchokera kutali, ena mpaka ku Wenya, kudzatenga mapilitsi kapena kudzaikitsa lupu, atavomerezedwa ndi amuna awo. Chitseko chikatsekedwa, nkhani ya kulera inkatha msanga, n'kuyamba zina. Kuwawa. Kuyabwa. Zilonda. Lamulo la mayi Makwinja linali limodzi: "Unene chomwe ndanena. Osawonjezera, osachotsa."

Ine ndinkachotsa. Zambiri za zilondazo ndinkadziwa kumene zinkachokera. Agogo ankasinja makungwa a mtengo wina wa m'phiri, kuwayanika pa lichero, ine n'kumasefa ndi kansalu. Ndinayamba kusefa ndisanadziwe ntchito yake. Amayi ankadzatenga ufawo m'timapepala, n'kumakauika kumaliseche kuti kuume ndiponso kuthine. Kwathu ankati mkazi wamadzi ndi wozizira, kapena wadzera kwina. Ndikukwatiwa, agogo anandimangira kanga kapepala. Chimene ndinkamva pogona ndi mwamuna wanga chinali kutentha ngati wathira tsabola pabala. Ndinkayang'ana kudenga mpaka amalize. Ndinkati ukwati ndi womwewo, ndipo sindinkadandaula. Atapita ku Tunduma sindinadandaulenso.

Nyamtambo anabwera Lachiwiri lina mvula isanayambe. Anali mayi wa zaka za m'ma sate, wa ana atatu, wotsiriza ali kumsana. Sanafune mapilitsi. Anakhala m'mphepete mwa benchi, n'kulankhula ndi ine, osati ndi namwino, motsitsa mawu. Ankafuna mankhwala oletsa madzi. Anati akakhala ndi mwamuna wake, a Kayira, thupi lake limanyowa kwambiri, ndipo a Kayira ayamba kufunsa kuti amakumana ndi ndani iwo akapita kumunda. Anawonjeza china akuyang'ana pansi. Kawiri konse, tsiku limene bamboyo sanafulumire, miyendo yake inanjenjemera yokha, mpweya n'kumuthera, moti anaopa kuti ndi khunyu. A Kayira nawo anachita mantha, kenaka anakwiya, amvekere waziphunzira kuti zimenezi. Anati zikapitirira amubweza kwa bambo ake. Kwathu mkazi akabwezedwa amapita yekha, ana amatsala kwa mwamuna.

Zimenezi ndinazimasulira zonse, chifukwa anali mawu a wodwala. Mayi Makwinja anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mayi iwe, anzako amabwera pano akulira kuti sanazimvepo, iwe ukufuna ndikuchize?"

Anatenga khadi lakale, kumbuyo kwake n'kujambula ziwalo za mkazi. Analankhula nthawi yaitali, akuloza ndi cholembera. Ndinamva liwu lililonse. Atamaliza anandiyang'ana. Ndinatembenukira kwa Nyamtambo n'kunena kuti, "Akuti simukudwala. Muzisamba bwino."

"Zonse zija zathera pomwepo?" anafunsa mayi Makwinja.

"Chitumbuka n'chachidule, mayi."

Anasekanso, n'kuitana wina. Nyamtambo anandipeza panja ndikutaya madzi a m'beseni. Anati wayenda ulendo wonsewu kudzauzidwa kuti azisamba? Maso ake anali ofiira. Ndinamuuza kumene agogo ankakhala, nyumba ya kuseri kwa chigayo, ndi kuti akafike Lachitatu. Ndinkaona ngati ndikumuthandiza. Mwinanso ndinkangofuna achoke pamaso panga.

Anabweranso patatha milungu inayi, Lachinayi masana, mvula itadula msewu wa ku Boma. Anamunyamula pa machila a thumba ndi mitengo iwiri, a Kayira kutsogolo, mng'ono wawo kumbuyo. Thupi linali lotentha, chitenje chili ndi magazi osakanikirana ndi mafinya. Mwana wa kubere anali atamusiya kunyumba. Galimoto ya odwala sikanatha kufika, ndipo panalibe amene anataya nthawi kuitchula.

Ndinayatsa pulayimasi. Mphindi makumi awiri zija ndinaziyembekezera nditaima, ndikuyang'ana nthunzi. Ndinaveka mayi Makwinja magolovesi, n'kugwira tochi, poti chipindacho chinali ndi kazenera kamodzi. Mlomo wa bakha unakana kulowa chifukwa cha kutupa. Anayamba ndi madzi ofunda a mchere, kuwapopera pang'onopang'ono ndi sirinji yopanda singano, kudikira, kupoperanso. Nyamtambo analuma nsonga ya chitenje. Chitsulo chitalowa, anatenga chopanira ndi thonje n'kuyamba kutulutsa zomwe zinali mkati: zibulumwa zakuda zomatana, ndi tizidutswa toyera ta mwala wa shabu umene amalonda ankabwera nawo kuchokera ku Tanzania. Ufa utalephera kuumitsa monga ankafunira, iye anawonjezera mwalawo, tsiku ndi tsiku, osachotsa zadzulo. Khoma la mkati linali litayera ndi kusupuka ngati lilime lopsa ndi tiyi. Zonse zinkagwera m'kambale kaja, ndipo ine ndinkamva kulira kwa kachidutswa kalikonse.

Mayi Makwinja ananunkhiza chibulumwa chimodzi. "Awa ndi makungwa. Mufunse, wamupatsa ndani?"

Ndinamufunsa. Nyamtambo anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likutsikira m'makutu. Kenaka anati, "Uwauze kuti ndaiwala."

"Akuti waiwala," ndinatero. "Koma ndine ndinamulozera kwa agogo anga. Ndipo zomwe munanena tsiku lija sindinamuuze."

Mayi Makwinja sanakweze mutu. "Gwira tochi bwino, ukuunika khoma."

Anamaliza kutsuka, anamubaya jakisoni wa penisilini, n'kumupatsa asipirini. Ine ndinakataya za m'kambale kudzenje, n'kuviika zitsulo. Ndinkaona zonse ngati zikuchitikira munthu wina.

Panja a Kayira anali atagamula kale. Ankauza mng'ono wawo mokweza, kuti ife timve, kuti matenda otere mkazi sawatola kuthengo ngati bowa, ndipo mawa apita kwa apongozi awo. Mkaziyo akachira asadzerenso pakhomo pawo. Wakhandayo amulera alongo awo.

Mayi Makwinja anavula magolovesi, anasamba m'manja, n'kunena kuti ndiwaitane. A Kayira anakana kulowa m'chipinda cha amayi, ndiye tinakumana m'kachipinda kosungira mankhwala, pakati pa makatoni. Anali bambo wamkulu, wa imvi m'mbali, amene anagwirako ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu. Ine ndinagwada pafupi ndi chitseko, nkhope kumbali, monga timachitira.

"Imirira," anatero mayi Makwinja.

"Chichewa ndimamva ine," anatero a Kayira.

"Mumamva cha ku fodya, bambo. Izi muzimve m'chilankhulo chimene mumalotera." Kenaka kwa ine: "Ndikaona kuti mawu ako afupika, ndiyambiranso poyamba. Ndilibe kopita, msewu waduka."

Anawaonetsa kaye kachidutswa ka shabu kamene anasunga pathonje, n'kunena kuti chawotcha mkazi wawo ndi chimenechi, ndipo anachiika pofuna kusangalatsa iwo. Izi zinali zosavuta kumasulira. Kenaka anatenga khadi lina n'kuyamba kujambula.

"Madzi aja si matenda, ndipo si phazi la mwamuna wina. Thupi la mkazi limatero likamufuna amene ali naye pamenepo. Uwauze kuti madziwo anali awo."

Ndinanena. A Kayira anayang'ana makatoni.

Mayi Makwinja analoza pamwamba pa chithunzicho, pomwe milomo imakumana, n'kutchula mkongo. Dzina lake la Chitumbuka ndinali ndisanalitulutsepo pakamwa chibadwire. Ndinalimva kamodzi kokha, akazi awiri akutukwanana pamjigo. Ndinazungulira, ndikuti "malo ena ake". Mayi Makwinja anabweza cholembera pamwamba pa khadi. "Tiyambirenso." Ndinalitchula. Mawu anga anamveka ngati a munthu amene ali kuchipinda china.

Anati kufika pachimake kwa mkazi si kwa mtundu umodzi. Koyamba n'kwa kunja, pamkongo, ndipo akazi ambiri amafikira pamenepo, osati mkati monga amuna amaganizira. Kumasonkhana pamalo amodzi, n'kuphulika mwachidule ngati kuyetsemula, kenaka malowo safuna kukhudzidwanso kwa kanthawi. "Pamafuna chala chofatsa ndi chonyowa. Si poto woti mukwechese."

Kwachiwiri n'kwa mkati, pakhoma la kutsogolo, mbali ya kumchombo, polowa mfundo ziwiri za chala. Kumeneku kumachedwa. Kumayamba ngati mkodzo ukufuna kutuluka, ndiye ambiri amachita mantha n'kudzigwira. Amene sanadzigwire, kumamuyenda m'chiuno monse mpaka m'miyendo. Ena amanjenjemera, ena amatuluka madzi ambiri, ena amalira misozi osadziwa chifukwa. Ziwirizi zikakumana nthawi imodzi, munthu amaiwala ndi dzina lake lomwe. "N'zimene zinamugwedeza mkazi wanu. Si khunyu, ndipo palibe amene anamuphunzitsa. Tsiku limenelo simunafulumire, basi."

Anapitiriza kuti alipo ena amene mabere okha amawafikitsa, ena amafika kawiri kapena katatu motsatizana, ena mwa apo ndi apo, ndipo palibe wolakwa mwa onsewa. Chofunika n'chimodzimodzi: nthawi yokwanira yoseweretsana musanalowane, chinyezi, ndi mtima wopanda mantha. Mkazi azinena yekha kuti apa, osati apo, mwamuna azimva osapsa mtima. Ena zimawayendera akakhala pamwamba, chifukwa amadzisankhira okha liwiro. Ndipo mkazi amene wadzifufuza yekha ndi dzanja lake sanachimwire munthu, wangodziwa njira yoti alozere mnzake. Pouma, anati, pamachitika zinthu ziwiri zokha: mwamuna amamaliza msanga, mkazi amang'ambika.

Ndinamasulira chiganizo ndi chiganizo, nditaima, maso ali pa katoni ina yolembedwa kuti mabandeji. Sindinamve manyazi monga ndinkaopera. Sindinamve chilichonse. Zinali ngati ndikunyamula zidebe kuchokera kwa munthu uyu kupita kwa uyo.

A Kayira analankhula ndi ine, osati ndi namwino. "Mwana iwe, ndiwe wa ndani? Akuluakulu akwanu akudziwa kuti pakamwa pako pamatuluka zimenezi?" Kenaka m'Chichewa: "Izi ndikazinena kwa atcheyamani a chipani. Boma silinakutumeni kudzatukwana anthu."

Masiku amenewo mawu otere ankatha kumusamutsa munthu, kapena kuposa apo. Mayi Makwinja anawatambasulira khadi lija.

"Kaneneni. Koma mukafotokoze zonse mwadongosolo, kuyambira pamwamba apa. Tengani, mungaiwale."

Ndinkayembekezera kuti alitaya pansi. Analipinda pawiri, n'kuliika m'thumba la malaya, n'kutuluka osatsanzika.

Madzulo a tsiku lomwelo mayi Makwinja anandituma kukanena zomwezo kwa Nyamtambo, iwo ataima kumutu kwa bedi. Kachiwirika sikanali kovuta. Nyamtambo anamvetsera atatseka maso. Nditamaliza anafunsa, "Ndiye tsiku lija anesi ananena zonsezi?"

"Enya."

"Iwe n'kundiuza kuti ndizisamba."

Anatembenukira kukhoma.

Masiku anayi otsatira ndinkamutsuka ndi madzi a mchere m'mawa ndi masana. Mabere ake anatupa poti mwana sankayamwa, ndiye ndinkamukama m'kapu, mkakawo n'kukautaya kuseri. Kutentha thupi kunatsika pa tsiku lachitatu. Funso lake linali limodzi, ndipo ankalifunsa osandiyang'ana: "A Kayira abwera?" Ine ndinkati, "Yayi." Ana ake sankawatchula maina, koma akamva mwana akulira kusikelo ankadzuka n'kukhala tsonga.

Agogo ndinawauza. Anali akupeta makungwa pakhonde. Anati, "Shabu wawonjeza yekha. Wanga sunaphepo munthu." Sindinatsutse. Ndinangosiya kusefa, iwo n'kumasefa okha, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso mpaka imfa yawo.

Mayi Makwinja sanandichotse ntchito, ndipo sanandikalipire. Ananena kamodzi kokha, tikuyanika magolovesi: "Ine ndilibe pakamwa kuno. Pakamwa panga ndiwe. Ukatseka, ndiuze kuti watseka, ndifune njira ina."

Pa tsiku lachisanu a Kayira anabwera akukankha njinga, pakaliyala atamangapo bulangete lopindidwa kanayi. Kumbuyo kwawo kunali alongo awo, wakhanda uja ali kumsana. Tcheyamani panalibe. Mwanayo atamupereka kwa mayi wake anayamba wakana bere, kenaka analigwira. Nyamtambo sanalire. Anangomugwira mwendo, n'kumauyang'ana ngati akuona ngati wachepa.

Mayi Makwinja anaitaniranso a Kayira m'kachipinda ka mankhwala. Anawauza kuti kwa milungu isanu ndi umodzi asamukhudze mkazi wawo mpaka mabala apole, abwere naye kudzaonedwanso, ndipo ufa kapena mwala zisadzalowenso m'nyumba mwawo. A Kayira anavomera ndi mutu ndisanamalize kumasulira. Atafika pachitseko anaima, nkhope kukhoma, n'kufunsa okha m'Chichewa chawo cha ku fodya.

"Nanga kusafulumirako, mayi, ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Tcheni cha njinga chikaduka mumakhala nacho nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka chitalumikizika."

"Basi."

Anamukweza mkazi wawo chammbali pabulangete paja, n'kumakankha njinga wapansi m'matope. Nyamtambo anatsanzika mayi Makwinja ndi manja awiri. Ine anandidutsa ngati mzati. Anabweranso kudzaonedwa, ndipo mkati munatsala chipsera chimene namwino anati chidzamuvutitsa nthawi zina. Ana ake atatu anawalera iye mwini, pakhomo pa mwamuna wake. Ndakumana naye kangapo m'zaka zonsezi, kumaliro ndi kumsika, ndipo sanandipatsepo moni. Sindimuimba mlandu.

Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndi anamwino osiyanasiyana, ena amanyazi kuposa ine. Za thupi langa ndinadzazindikira mochedwa, ndekha, kuti zimene ndinkamasulira zinali zoona. Sinali nkhani yoti n'kuuza munthu, ndipo palibe chimene inasintha pa zimene ndinachita.

Chimene ndinasunga n'chaching'ono. Womasulira akameza mawu chifukwa cha manyazi, iye amapita kwawo ali bwinobwino, mabala amakatuluka pathupi la wina. Kuyambira tsiku la m'kachipinda kaja ndimatchula chiwalo chilichonse ndi dzina lake, pamaso pa aliyense, nditaima. Mayi akagwedeza mutu kuti wamva, sindimukhulupirira. Ndimamuuza kuti andibwezere zimene ndanena, ndipo akafupikitsa, timayambiranso.